Binwelo, Gwira

1.

Nyimboyo inamupeza m'minibasi ya ku Limbe, m'mawa wa mvula yowaza, atapanikizika pakati pa thumba la kabichi ndi bambo wina wonunkha fodya. Ndaziona sanaifune. Foni ndiyo inamusankhira, monga imachitira ikaona kuti mwini wake wazolowera nyimbo zachisoni.

Oimba ake ndi ana awiri a ku Lilongwe, mtsikana ndi mchimwene wake, odzitcha Mvula ya Lachiwiri. Amajambulira kuchipinda kwawo, ndipo amaimba motsitsa ngati akuopa kudzutsa eni nyumba. Kagitala kofewa, kang'oma ka pakompyuta, mtsikana akudandaula za basi imene inamusiya. Kenaka pakati pa nyimbo zonse zinangoti zii. Kunamveka kuwayawaya kwa kaseti yakale, ndi mawu a mwamuna wa kalekale akuitana.

Binwelo, gwira.

Besi inayankha, gitala ya nsambo zonenepa ija imene imayenda pansi pa nyimbo. Inayenda kanthawi kochepa, nkuzimirira, mtsikana uja nkubwerera ndi basi yake.

Ndaziona anapitirira siteji yake osadziwa.

2.

Binwelo ndi dzina la bambo ake.

Zimene ali nazo za bambowo:
dzinalo;
chipumi, chimene anthu amati anatengera iwo;
mbiri yoti ankaimba besi m'gulu la ku Luchenza lotchedwa Mulipa Jazi;
mawu ochepa a malemu mayi ake.

Zimene alibe:
chithunzi;
manda oti akalimire;
liwu lawo, ngakhale kutsokomola.

Anachoka iye asanayambe kukumbukira nkhope za anthu.

3.

Mayi ake, akusita yunifolomu yake ya sukulu, kalekale:

Bambo ako anakwatira gitala, ine ndinali mkazi wachiwiri. Loweruka kuukwati, Lamulungu ku bala, pobwera ali ndi tulo ndi fumbi basi. Gitala itawakana anapita kufodya, ku maesiteti a kumtunda, ati kukafuna ntchito. Kunangobwera uthenga wa maliro. Usandifunsenso, ndipatse makala.

4.

Ndiye kuyambira tsiku la minibasi lija amadzuka nayo nyimboyo, amasamba foni ili pawindo la bafa, amaima nayo kuseri kwa kauntala ya sitolo ya mankhwala komwe amagwira ntchito, kawaya kamodzi kali kukhutu kena kakulendewera kuti azimva ofuna mankhwala a chimfine, anzake aja okonda nyimbo za kwaya nkumamuseka kuti mayi wamkulu chonchi, mwana wake ali pantchito ku Joni, wayamba zibwana za ana a kuyunivesite, kapena kwapezeka kamnyamata kakumuzunguza mutu, iye nkumangomwetulira poti kufotokoza nkotopetsa, nkumabwerera ku Chilobwe kukanyumba kake ka lendi komwe mpando wa alendo unasanduka poika zovala, nkuphika chakudya cha munthu mmodzi m'kapoto kosachedwa kupsereza, nkuibwezanso pomwe paja, pomwe paja pokha, mpaka bandulo itatha

Kusungulumwa kunalipo kale. Nyimboyi inangokupezera pokhala.

5.

Binwelo, gwira.

Koma a Binwelo m'dziko muno ndi ambiri. Alipo osoka nsapato, alipo abusa, alipo amene ali kundende. Nanga oimba besi ndi angati?

Funso limeneli ndi limene linkamulanda mtendere. Ankafuna kudziwa ngati manja akuyankhawo ndi a bambo ake.

6.

Anawalembera uthenga anawo. Analemba, nkufufuta, nkulembanso. Anayankha ndi mtsikanayo, dzina lake Upile.

Anti, zikomo pomvera, analemba Upile. Kasetiyo tinaitola pamsika, m'katoni ya zinthu zakutha. Inalibe chikuto. Tepi yake inali yodukaduka, achimwene anachita kulumikiza ndi kyuteksi wopaka zikhadabo. Chinapulumuka ndi chomwe mwamvacho.

Oimbawo mukuwadziwa? anafunsa Ndaziona.

Ayi, timangoti agogo aja. Tinakonda mmene akuitanirana. Ife timaimba awiri, koma aliyense amajambula yekha, nthawi yake, atavala zomvera kumakutu. Sitinaitanepo munthu m'nyimbo. Inuyo mukuwadziwa?

Ndaziona analemba kuti, mwina ndi bambo anga. Anawayang'ana mawuwo mpaka foni inazima. Amene anatumiza ndi akuti, ndikungofufuza magulu akale.

7.

Kufufuzako.

Bambo woika nyimbo m'mafoni pamsika wa Limbe: Mulipa chani? Ndili ndi nyimbo zodzadza makompyuta awiri, mayi. Imeneyo sitikuidziwa.

Mayi wosunga matepi kuwayilesi ina: Nthawi imeneyo matepi anali osowa. Gulu likajambula, nyimbo nkuseweredwa miyezi ingapo, pamwamba pake ankajambulapo lina. Sitikuidziwa.

Gulu la pa intaneti la okonda nyimbo zamakedzana: wina anati ndi ya ku Zambia, wina anati ndi ya ku Mozambiki, awiriwo anatukwanizana mpaka kutchulana makolo. Wachitatu anamufunsa ngati ali pabanja.

Sitikuidziwa.

Sitikuidziwa.

Kenaka mkulu wina m'gulumo, wosalankhulalankhula, analemba: Ndinawavinapo amenewo paukwati wa mlongo wanga. Woimba wawo anali Waisoni. Ngati ali moyo, ali ku Luchenza komweko.

8.

Iwe Ndaziona, anthu ukuwauza kuti ukufufuza gulu, koma ukufufuza manja. Wawaumba kale m'mutu mwako, zala zazitali, chikhadabo chimodzi chosweka. Wati mwini wake ndi munthu wosapupuluma, poti besiyo siithamanga, imafika mochedwerako ngati mlendo waulemu. Pali pena pamene nsambo ikunjenjemera, iwe umati apa anaseka.

Wayamba ndi kuwakhululukira komwe. Ukuti ngati anatisiya chifukwa cha chimenechi, chinali chokoma ndithu. Zaka makumi anayi wakhala mwana wa munthu wopanda nkhope, lero ukufuna munthu mmodzi yekha akuuze kuti inde, ndi iwowo.

9.

Loweruka, Luchenza.

Golosale ya a Mulipa, eni gulu lija, tsopano ndi tchalitchi. Mkati wina ankayesa maiki, akuwerengera mipando yopanda anthu. Mayi wogulitsa nanazi pakhonde anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

A Waisoni a nkhunda? anatero mayiyo. Ankaimba amene aja? Ine ndimangowadziwa ndi nkhunda. Tsatirani njanji, mukaona denga loyera ndi zitosi mwafika.

10.

Anawapeza akuwaza misere pabwalo, nkhalamba yaitali yovala jekete dzuwa likuswa mtengo. Anagawana moni. Anamupatsa mpando, iwo nkukhala pachidebe.

Ndine mwana wa a Binwelo, anatero Ndaziona.

A Waisoni anasiya kuwaza. Anamuyang'ana pachipumi nthawi yaitali.

Ndiwe kamwana kaja, anatero.

Ndaziona anawaika kawaya kamodzi kukhutu, kena kali kwa iye, moti anachita kuyandikizana mitu. Pamene mtsikana wa ku Lilongwe ankadandaula za basi, nkhalambayo inakwinya nkhope.

Akudwala mwanayu?

Ayi, bambo, ndi mmene akuimbira masiku ano.

Kenaka zii. Kuwayawaya.

Binwelo, gwira.

A Waisoni anatseka maso. Milomo yawo inatchula mawuwo pamodzi ndi mnyamata wa m'kasetiyo, amene anali iwo omwe.

11.

A Waisoni:

Ife tinalibe kanthu, mwanawe. Magitala, ng'oma, zokuzira mawu, ngakhale malaya ofanana aja, zonse zinali za a Mulipa. Ndi chifukwa chake gulu linali dzina lawo, ngakhale iwo sankatha ndi kuimba mluzu komwe. Tikamaliza kuimba zida zinkabwerera kusitolo, nkukhomedwa pamodzi ndi matumba a shuga. Ukafuna kuphunzira kunyumba unkaphunzira pa ntchafu, kapena pathebulo.

Pachikuto cha kaseti ankaikapo nkhope ya a Mulipa, atavala tayi. Mayina athu sankalembedwa paliponse. Ndiye tinali ndi kachitidwe kathu. Pakati pa nyimbo woimba ankaitana aliyense ndi dzina, woitanidwayo nkuyankha ndi chida chake. Ndi mmene kwanu ankadziwira kuti unalipo. Ndi mmenenso a Mulipa ankadziwira, poti ku situdiyo ku Blantyre sankapita, ankaopa kusiya sitolo. Ankangomvera kaseti, nkumawerenga anthu awo ndi makutu.

Lamulo lawo linali limodzi. Wojomba tsiku la ntchito, gitala ankaiona komaliza.

12.

Ndiye ndi iwowo, anatero Ndaziona. Mawu ake anatuluka aang'ono. Akuyankhawo ndi bambo anga.

A Waisoni anachotsa kawaya kukhutu, nkumubwezera ndi manja awiri.

Dzinalo ndi lawo, anatero. Manjawo ndi awa.

Anawatambasula pamaondo. Zala zazifupi, zotupa m'mfundo, misere itakanirira m'zikhadabo.

Tsiku lojambula bambo ako sanapite. Tinapatsidwa tsiku limodzi lokha, ndipo silinabwerenso. Ndinanyamula besi ndine, ndikuimbanso ndi pakamwa. Titafika poitanirana paja ndinati ndikapanda kumutchula, a Mulipa adziwa. Ndiye ndinamuitana, nkudziyankha ndekha.

Zinathandiza?

Sabata imodzi. Dalaivala wa lole imene inatitenga anali mlamu wawo wa a Mulipa, anakaulula. A Mulipa anamulanda gitala anthu akuona, pakhonde pa sitolo paja. Anayesa kupepesa, osatheka. Kuno kunalibenso wina wa zida. Ndi pamene anapita kufodya.

Ndiye palibe paliponse pamene anajambulidwa?

Palibe, mwanawe. Makaseti a m'mbuyomo tinajambula iye asanalowe m'gulu.

13.

Palibe.

Nkhunda zinatera, zinatola, zinauluka.

Ndaziona anamva manyazi asanamve chisoni. Miyezi yonseyi wakhala akulirira zala za mkulu wa nkhunda, kuzipatsa kuseka kwa bambo ake, kuzikhululukira milandu imene sizinapalamule. Kenaka chisoni chinafika, ndipo chinali chachikulu kuposa cha pamaliro a mayi ake, poti paja panali mtembo woti aulirire.

Anaganiza kuti mayi anali kunena zoona, mwinanso anachepetsa. Munthu wojomba kunyumba, nkukajombanso kugitala imene ankajombera kunyumbako. Kaya unali mowa, kaya anali mkazi wina. Sanafune kudziwa. Anakulunga mawaya, anathokoza mwaulemu, anawasiyira nanazi amene anagula panjira.

Ali pafupi kufika panjanji anamva nkhalambayo ikumutsatira, ikukoka phazi.

Mwanawe, anatero a Waisoni akupuma movutikira. Wandifunsa zambiri, koma sunandifunse kuti anali kuti.

14.

A Waisoni, ataima pambali pa njanji:

Tinamudikira pasitolo mpaka dalaivala anatopa. Tinanyamuka. Tinakamupeza kutsogolo, pamsewu wafumbi wodutsa m'minda ya tiyi, akuyenda wapansi kulowera kuchipatala cha mishoni. Anali atakubereka kumbuyo ndi nsalu ya mayi ako. Mwamuna, dzuwa lili pamutu, azimayi othyola tiyi akumuseka. Mayi ako anali kumaliro kwawo ku Phalombe, anakusiya uli bwinobwino. Chikuku chinakugwira iwo kulibe. Maso ofiira, thupi ngati mbaula, ukulira mosalekeza.

Ndinamenya denga la lole, inaima. Ndinatsika. Ndinati Binwelo, kamusiye mwanayu kwa aneba, tsiku lija ndi lero. Tinali titaiphunzira nyimboyi chaka chathunthu, ndipo chigawo cha besi anapeka yekha, ankachinyadira. Anayang'ana gitala yake ili m'lolemo, yokulungidwa m'bulangeti. Anaiyang'ana ndithu. Kenaka anati, pitani, Waisoni, aneba sangamuthamangire ngati ine.

Mayi ako atabwera anakupeza ukuchira, mwamuna wawo alibe ntchito. Iye sananene kuti wachotsedwa chifukwa chiyani. Ankaopa kuti mawa wina adzakuloza chala kuti ndiwe unamuchotsetsa ntchito.

Koma chimene ndakutsatira si chimenecho. Nthawi yonse imene tinkalankhula pamsewu paja, manja ake anali kumbuyo, akukuchirikiza. Ndinazungulira kuti ndikuone nkhope, ndiye ndinaona zala. Zinkayenda pamsana pako, pamwamba pa nsalu, monga tinkaphunzirira pa ntchafu. Ndinaidziwa. Inali nyimbo yomweyi, chigawo chake chonse, osaphonya ngakhale pamodzi. Chimene ndinakaimba ine ku Blantyre ndi chongotengera.

Sitima sinali kubwera, koma onse awiri anayang'ana kunjanji.

Ndinkamva? anafunsa Ndaziona.

Kaya, anatero a Waisoni. Koma unasiya kulira.