Madzi M'dzenje la Amayi Agnesi

Adzukulu atakumba kufika m'chiuno, khasu linatuluka ndi matope. Mu Okutobala. Chitsime cha m'mudzi chitauma kalekale.

Fulansisi, mkulu wa okumba mandawo, anatumiza mawu kwa Dolika, mwana wa malemu. Mkazi safika kumanda dzenje lisanathe. Dolika anafika.

Anasuzumira. Madzi ofiira ankatuluka m'mbali mwa dzenje, cha kumtunda. Anakweza maso. Kumtundako kunali damu la mzungu wa fodya, chikhoma cha dothi chimene anaunjika kuti azithirira nazale zake. Kunsi kwa khomalo manda. Kunsi kwa manda nyumba zawo, ana akusewera pabwalo.

"Amayi ako Agnesi ankakonda kusamba," anatero Fulansisi, poti mdzukulu saletsedwa nthabwala pamaliro. "Tiwagoneke momwemu?"

"Kumbani pena."

Anakumba pena. Madzi omwewo.

"Amayi si mlamba," anatero Dolika. "Saikidwa mpaka madzi a m'damu atsike."

Aliyense anamva tanthauzo lake. Maliro akakhala pamudzi, palibe wogwira khasu kapena chitini chothirira. Ndipo antchito a pafamu ambiri anali a mudzi womwewo.

M'mawa mwake Boaz, kapitawo wa pafamupo, anatulukira panjinga, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, pepani ndi zovutazi. Koma mbande za bwana zikufota."

"Amayi anga afota kale."

"Bwana akuti damu ndi lake. Malo anagula. Khoma lija silingagwe."

"Nanga likukodzeranji m'manda mwathu? Mvula ikadza lidzatani? Kamufunseni."

"Mtembo ununkhatu, kutentha kumeneku."

"Ununkhe. Mphepo ikulowera kwa iye."

Dolika anayankha mouma, nalowa m'nyumba momwe munali mtembo. Fungo linali litayamba. Anakhala pambali pa mphasa, akuingitsa ntchentche ndi nthambi. Amayi oimba nyimbo za maliro anamupempha kuti alole mtembo uikidwe, ena anamunena wamwano, wophunzira makani m'tauni ya Fort Jameson. Iye anangogwira phazi la mayi ake lozizira.

"Pirirani pang'ono, amayi. Munapirira zambiri."

Mzungu anabwera yekha dzuwa litapendeka, nkhope ili psuu. Sanapereke moni. Boaz anamutengera kumanda. Mzunguyo anaona dzenje loyamba litadzaza mpaka pakamwa. Anatunga madziwo m'dzanja, nawafikisa. Dothi lofiira, la khoma lake lomwe. Anayang'ana kumtunda nthawi yaitali. Kenako analankhula mwachidule, osayang'ana munthu.

"Akuti tikumbe ngalande kumapeto kwa khoma, madzi atsikire kudambo," anamasulira Boaz. "Anyamata, makasu!"

Palibe anasuntha.

"Maliro akadali m'nyumba, akapitawo," anatero Dolika.

Fulansisi anaseka, nalavulira m'manja.

"Lero ololedwa khasu ndife tokha. Tiyeni, adzukulu anzanga. Tikakumbire damu manda ake."

Anakwera. Posakhalitsa madzi anamveka akukokoma m'ngalande, kulambalala mudzi, kuthawa fodya wa mzungu. Anayenda usiku wonse.

Kutacha adzukulu anakumbanso, mzere womwewo wa makolo. M'chiuno. M'chifuwa. Pansi panali chinyontho, koma palibe dontho linatuluka.

Pokwirira, Dolika anatapa dothi la pamwamba. Analiponya. Fumbi linamubwerera kumaso, n'kutsokomola. Apo ndiye anayamba kulira.