Ndinawathowa Masana Onse

Amuna anga a Ramsey anali ndi zotupa thupi lonse, ngati malemu bambo awo. Chachikulu chinali pantchafu, chofewa ngati papaya lakupsa. Kuchipatala anawauza kalekale kuti ndi matenda akumtundu, zotupa zomera pamitsempha. Iwo ankangoti zawozo sizipha, zimangonyansa.

Lachiwiri limenelo anaweruka msanga ku Makata, kumene ankanyamula matumba a fetereza. Thumba linawagwera pachotupa chachikulu chija. Kuchokera pasiteji ya minibasi kufika kunyumba kwathu ku Machinjiri anapuma katatu.

Bala panalibe, magazi ngakhale dontho. Ndiye mukanakhala inu mukanatani? Ndinatereka madzi, n'kutenga chitenje chakale, n'kuyamba kuwathowa. Ine pothowa sindinyengerera ayi, manja angawa anazolowera musi.

"Eliness, pang'onopang'ono," anatero.

"Limbani mtima bambo, magazi oundanawa abalalike."

Madzi akazizira, kutereka ena. Ntchafu ikutupirabe, ine kuwonjezera mphamvu. Cha m'ma folo koloko anapempha madzi akumwa, kenaka enanso. Milomo inali itayera mbuu. Anati akumva kuzizira, kunja kukutentha chonchija.

Aneba ndiwo anatinyamula pagalimoto yawo kupita kuchipatala. Patatha ola, dokotala, mtsikana wachichepere, anatuluka n'kundiuza kuti amuna anga atisiya. Anati matendawa amafewetsanso mitsempha ya magazi. Umodzi unaphulika mkati mwa chotupa, magazi onse n'kuthera m'ntchafumo.

"Alipo amene anakanikiza pamenepa?"

Ndinayang'ana nsapato zake. Anafunsanso, kenaka anangondigwira paphewa n'kubwerera mkati.

Sindinalire. Pasiwa azimayi ankandiyang'ana m'mbali, ine maso gwa. Chimene ndinkamva ndi njala basi, zoona, njala.

Titabwera kumanda, apongozi anga aakazi anadzakhala nane pamkeka. Anatenga manja anga onse awiri n'kuwaika pamiyendo pawo.

"Mwana uyu ndiye anayesetsa," anauza azimayi amene anali m'nyumbamo. "Aneba akuti anamuthowa Ramsey masana onse osapuma. Akanakhala wina akanangomusiya agone."

Azimayi anavomera, "Eee, anayesetsadi." Apongozi anayamba kundisisita zala, chimodzichimodzi.

Ine ndinati, "Zikomo amayi."