Ubale wa ku Kadavu

Bubu Vilimaina, agogo ake aakazi a Apisalome, anamuchenjeza mdzukulu wawoyo uku akumukulungira mizu ya yaqona, yopangira chakumwa chamwambo, yoti akapereke ulemu kwa bambo Waisake.

"Ukapereke moni basi. Mayina a akufa usakatchule. A kwa bambo ako aja anabereka m'zilumba zonsezi, sudziwa amene ukamudzutse."

Apisalome anangoseka. Chiyambireni zisudzo mumzinda wa Suva, ankangomuimika kumbuyo atagwira mkondo. Anzake ankati ntchito iyi umalowa ndi amene ukumudziwa. Tsopano bambo Waisake ankakonza filimu yachikondi, mtsikana wake ali mwana wawo Unaisi, ndipo pa anyamata oyesedwa anatsala awiri, Apisalome ndi wina wa ku Lautoka wosadziwa aliyense.

Atamwa yaqona ndi bambo Waisake, Apisalome anayamba kutchula makolo ake mmodzimmodzi.

"Wati agogo ako ndi Laisenia wa kuchilumba cha Kadavu?" anafunsa bambowo. "Ameneyo ndi mng'ono wa bambo anga. Ndiwe mwana wanga iwe."

Anamukumbatira misozi ili m'maso.

Apisalome anabwerera kunyumba akuimba. "Bubu, zatheka. Akunditcha mwana wawo."

Bubu anasiya kupala kokonati. "Mwana wawo? Nanga mtsikanayo uzimutcha ndani?"

"Zija ndi zongosewera, Bubu."

"Dzanja lomwe ukamugwirelo, nalonso ndi longosewera?"

Iwo za mafilimu sankazimvetsa. Munthu amafa lero, mawa ukumuona pamsika akugula nsomba.

Lolemba Apisalome anafika msanga kumalo ojambulira filimu, mawu onse ali pamtima. Unaisi, amene kale ankamunyoza kuti miyendo ngati ya nkhanu, atamuona anaweramitsa mutu n'kulambalala. Apisalome anadzinunkhiza malaya. Anayang'ana kumbuyo, kunalibe munthu.

"Bambo, ndalakwa chiyani?"

"Palibe, mwana wanga. Koma mlongo wako ungamugwire m'chiuno Kadavu yense akuonera?"

"Si ndinu munati abale tizithandizana?"

"Eya, ndiye kathandize kutsitsa mipando. Mwana wapakhomo sadikira kutumidwa."

Mbali ija anaipatsa wa ku Lautoka. Apisalome anapatsidwanso mkondo wake. Pojambula pamene awiriwo akumana pansi pa mtengo, anamuuza Apisalome kuti ayime kuseri kwa galimoto, chifukwa mlongo sayenera kuona zoterozo. Anaima pamenepo dzuwa likumuotcha, mkondo m'manja, akuwerenganso mayina aja kuti apeze pamene anaphonya.