Maluwa Ochokera ku Melbourne

Moto wolusa utadutsa pafamu ya a Glenys Trethewey unasiya phulusa lokhalokha. Nkhosa zambiri zinapsa ziboda, zinangoima duu, kulira komwe osatha. Kuno aliyense amadziwa kuti nkhosa yotero siichira, umaiwombera msanga isazunzike. Koma manja a Glenys ankanjenjemera chimwalirireni amuna awo, ndipo anansi onse anali kalikiliki kukwirira ziweto zawo.

A Glenys anaimbira foni mwana wawo Hamish kumzinda wa Melbourne.

"Mwanawe, bwera udzandigwirire mfuti. Ndekha sinditha."

"Aa, mayi, pepani zedi! Tikukuganizirani kwambiri. Mpongozi wanu Corinne sanagone n'komwe poganizira inu."

"Ndiye ufika liti?"

"Ndiganize kaye. Sabata ino kuntchito kwathina."

Kuganiza ndiye ana a m'tauni amatha, abale! Akamva kuti kwanu kwapsa amakuganizira, ukadwala amakuganizira, ndipo tsiku la maliro ako adzakuganizira mpaka mutu kuwawa. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma fupa limeneli linali litakhazikika pampando wawofuwofu, likuganiza.

A Glenys anadikira mpaka dzuwa kupendeka, ntchentche zitayamba kuunjikana pazilonda za nkhosa. Kenaka anatenga mfuti ya malemu amuna awo n'kulowa m'khola. Anayamba kuwombera nkhosazo imodziimodzi. Zina anaziphonya pamutu n'kuzilasa paphewa, nkhosa n'kumaphupha pansi, iwo n'kuwomberanso uku akupepesa ngati akupepesa munthu. Mtima unawawawa koopsa, ndipo mwana wawo anamuda tsiku limenelo, osabisa.

M'mawa mwake galimoto yoyera inabwera ikutukula phulusa pamsewu. Woyendetsa anatsitsa mtolo waukulu wa maluwa, womangidwa ndi riboni, ndi kakhadi kolembedwa kuti, "Muli m'maganizo mwathu."

A Glenys anamasula riboniyo n'kupita nawo maluwawo kwa nkhosa zotsala, zimene zinali zisanalawe msipu chipsereni dambo. Zinawalimbirana n'kuwadya mpaka mapesi.

Masana foni inalira. Anali Hamish, mawu ali myaa.

"Mayi, maluwa afika? Corinne anasankha yekhatu, anaganizira kwambiri mitundu yake."

"Afika, mwanangu."

"Mwawakonda?"

"Umuuze kuti ulendo wina adzatumize ambiri. Nkhosa sizinakhute."