Chidindo Chobenthuka cha ku Canton

Funsani aliyense pa msewu wa Hollywood kuno ku Hong Kong kuti amadziwa siliva wakale ndani, akulozerani sitolo yanga. Ine Fung Yiu-tong ndinafika mumzinda muno ndi kabudula mmodzi ndi njala, koma lero London ndimaidziwa ngati kuseri kwa nyumba yanga. Ku Boston ndadyako, ku Lisbon ndadwalako, ku Bombay anandiberako nsapato. Mundipatse sipuni, ndiitembenuze, ndikuuzani amene anaisula ndi chimene anadya tsiku limenelo.

A Tsang Bing-kuen ndinkakumana nawo m'mawa uliwonse m'nyumba yomwera tiyi. Anali nkhalamba yosaona, ya chifuwa cholira ngati mvukuto. Nkhani yawo inali imodzi basi: agogo awo anali mmisiri wa siliva ku Canton, wosulira azungu a zombo. Zonse zimene anasula zinawoloka nyanja. Zochepa zimene zinatsala pakhomo zinasungunulidwa m'zaka za nkhondo. Ndiye umboni analibe, ndipo Mak, wogulitsa nsomba zouma, sankawapatsa mpata.

"A Tsang, agogo anu aja ankasulira mfumukazi ya Angelezi, kapena ankamata mapoto obooka?"

"Dya mapazi a nkhukuwo, Mak. Pakamwa pako pakununkha katundu wako."

"Ine agogo anga ankagulitsa nsomba, ndipo fungo lilipo mpaka lero. Anuwo anasiya chiyani?"

Tsiku lina Mak atapita, a Tsang anandikoka mkono. Anatulutsa kachitsulo kotalika ngati chala, komangidwa m'khosi ndi chingwe chofiira. Chinali chidindo cha mmisiri, chomenyera dzina pansi pa chiwiya. Ndinachiyang'ana ndi galasi langa lokulitsa. Panali chilembo chimodzi, Kwan, dzina la agogo awowo, ndipo mwendo wake wakumanzere unali wobenthuka.

"Agogo anachigwetsa pa mwala ali mnyamata," anatero a Tsang. "Chilichonse chimene anasula pambuyo pake chili ndi mwendo wothyokawo. Inu a Fung mumadzitama kuti dziko mwalimaliza. Mundipezere chiwiya chimodzi. Sindikufuna kuchisunga. Ndingolowetsa chitsulochi m'malo mwake, chikhale ngati dzino m'nkhama, Mak ali pomwepo."

Ndinadinda chitsulocho pa phula, n'kulipisa m'thumba. Wina akanati n'zosatheka. Ine mawu amenewo sindiwadziwa.

Ndinatembenuza masipuni, makapu ndi mbale m'maiko angapo, mpaka anthu ena ankayesa ndikufuna mphemvu. Chimene ndinkafuna ndinachipeza m'tauni ina yozizira pafupi ndi Boston, m'nyumba ya zidzukulu za woyendetsa zombo, mmene ankagulitsa katundu wakale. Inali ketulo ya tiyi, yakuda bii, chogwirira chake chinjoka, thupi lake lozungulira nsungwi. Ogulitsa anali ataikapo chikwangwani choti inasulidwa ku London. Ndinaseka mpaka anandiyang'ana.

Paja amisiri akale a ku Canton ankaona zidindo pa ziwiya za Angelezi n'kumayesa ndi zokongoletsa zimene azungu amakonda, ndiye ankangozitengera. Pansi pa ketuloyo panali mkango wooneka ngati galu wanjala, chifukwa wousulayo mkango anali asanauonepo. Panali mutu wa nyalugwe womwetulira ngati chidakwa, ndi mutu wa mfumu wopanda mphuno. Ndipo m'mbali, pamene mzungu sayang'ana, panali kachilembo kakang'ono: Kwan, mwendo wakumanzere wothyoka. Kanali kataphwa kale, chifukwa antchito a m'nyumbamo anakhala akupukuta ketuloyo mibadwomibadwo. Komabe chala chinkakamva.

Ndinaigula, n'kubwerera nayo ku Hong Kong Chaka Chatsopano chili pafupi, misika itadzaza malalanje ndi maluwa a mapichesi. A Tsang ndinawapeza kulibe. Anali m'chipatala, ndipo madokotala anali atavomera kuti adzadyere chaka kunyumba, pakuti panalibenso choti achite. Ketuloyo ndinaisiya m'manja mwa mwana wawo, Sau-lin, mayi wakhama amene nyumba yake unganyambite pansi.

"Imeneyi ndiye ya agogo?" anafunsa, ataigwira ndi nsonga za zala. "Yada chonchi?"

"Kuda kumeneko ndiye ukalamba wake, mayi. Muisiye momwemo."

"Ndamva, a Fung."

Anamvadi. Koma linafika tsiku lochapa litsiro la chaka, pamene nyumba iliyonse imasesa, kukwecha ndi kutulutsa chakuda chilichonse kuti tsoka lisawoloke nacho. Sau-lin anayang'ana chinthu chakuda bii chili pa guwa la makolo, bambo ake akubwera ndi chifuwa chimenecho. Kupereka chotero kwa wodwala pa Chaka Chatsopano n'kuitana maliro. Anayesa ndi nsalu, osatheka. Ndiye anaitengera kwa munthu wopukuta mipeni ndi mafoloko a m'mahotela pa gudumu la makina. Munthuyo ntchito ankaidziwa. Anamuuza monyadira kuti ngakhale timabala timene tinali pansi watichotsa.

Pa tsiku loyamba la chaka tinasonkhana. Mak anabwera ndi malalanje, atavala jekete yatsopano. A Tsang anawakhazika pa mpando wapamwamba, atatsamira mapilo, nkhope itatha koma pakamwa pali pomwepo.

"Mak wafika? Ndamumva kale ndi mphuno."

"Thanzi ndi moyo wautali, a Tsang. Tione mapoto a agogo aja."

Sau-lin analowa nayo pa thireyi yofiira. Inkawala ngati kuti yasulidwa dzulo. Ndinaitenga, ndinaitembenuza. Pansi pake panali see, ndinangoona nkhope yanga. Mkango, nyalugwe, mfumu, Kwan, zonse zinali zitapita.

Pa tsiku limenelo satchula choipa. Salira, sakalipa, sanena mawu a kutayika, chifukwa chimene watulutsa pakamwa chimakutsata chaka chonse. Ine amene ndinakanganapo ndi ogulitsa a ku London m'chinenero chawo mpaka iwo anagonja, ndinangopereka ketuloyo m'manja mwa nkhalambayo.

Anayamba ndi chinjoka. Zala zawo zinayenda pa mamba, pa mano, pa mfundo za nsungwi. Anamwetulira.

"Dzanja ili ndi labwino," anatero.

Kenako anaitembenuza, n'kuvula chingwe chofiira chija. Chala chachikulu chinazungulira pansi, pakati, m'mbali, n'kubwereranso. Anaika chitsulo, chinaterereka. Anaikanso pena, chinatererekanso. M'nyumbamo munkangomveka chifuwa chawo ndi ng'oma za ovina mkango kumsewu.

Sau-lin anandiyang'ana, ndipo apo m'pamene anazindikira chimene timabala tija tinali. Anagwira pakamwa ndi manja onse.

"Chakhala, a Tsang," anatero Mak ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iye. "Ndaona ndi maso anga. Chalowa bwinobwino."

"Usayambe chaka ndi bodza, Mak. Sichikuyenera."

"Ine ndinachiona," ndinatero. "Mwendo wothyoka, kumanzere. Ndinayerekeza ndi phula. Diso langa silinalakwepo."

"Ndikukhulupirirani, a Fung. Koma diso lanu ndi lanu."

Sau-lin anagwada pafupi ndi mpando, akumeza misozi kuti isatuluke pa tsikulo.

"Bambo, chidindo muli nacho. Nditenge nyundo, mumenyenso pomwepo. Ndi dzina lomwelo."

A Tsang anafunafuna mutu wa mwana wawo, n'kuusisita.

"Amamenya ndi amene wasula, mwana wanga. Ine sindinasule kanthu. Wapukuta bwino. Gawira alendo zotsekemera."

Tinadya njere zashuga, tinafunirana mafuno abwino monga mwa mwambo. A Tsang anavalanso chingwe chawo, ketulo ili pamiyendo, chala chikuzungulirabe pansi pake.

A Tsang anamwalira chisanafike chikondwerero cha nyali, chimene chimatseka masiku a Chaka Chatsopano. Chitsulocho anapita nacho m'bokosi. Mak sanabwererenso pa tebulo lathu la m'nyumba yomwera tiyi, ndipo Sau-lin anandibwezera ketuloyo atakulunga m'nsalu.

Ili pa zenera la sitolo yanga. Ndiyo yokongola kuposa zonse pa msewu uno, ndipo alendo amaima n'kufunsa amene anaisula. Ndimawauza: Kwan wa ku Canton, agogo a Tsang Bing-kuen. Iwo amaitembenuza, amayang'ana pansi, amandimwetulira monga momwe munthu amamwetulira wogulitsa, n'kuibwezera pamalo.