Mwana Amene Sanalire

Make Kabwana anafika ku chipatala cha ana msana ukuwawa, atangoweruka ku fakitale kumene amasoka makolala a malaya. Apongozi ake ankabwera pambuyo ndi chikwama cha matewera. Iwo ankafuna kumutenga mwanayo kuti akakhale naye kwawo, ati mkazi wochoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa salera mwana, amangomuzonda. Mwamuna wake, monga mwa nthawi zonse, ankavomera uku ndi uku. Mapeto ake anagwirizana zokamva kwa katswiri wa maganizo a ana.

Katswiriyo anali mayi wa magalasi, wa maso otopa ngati a make Kabwana omwe. Anamufotokozera kuti zimene achite ndi zosavuta. Alowe ndi mwana m'chipinda cha zidole, mubwera mlendo, iye atuluke kwa kanthawi n'kubwerera, kenako atulukenso. Iwo aziona zonse kuseri kwa galasi limene m'chipindamo limangooneka ngati kalilole.

Apa mtima wa make Kabwana unakhala pansi. Pa nkhani yotuluka nayenso anali katswiri. Chibwererereni kuntchito anamuphunzitsa mwanayo kusalira. Akamukakamira mwendo ankamumasula zala n'kumukhazika pansi, akalira pakhomo sankacheuka, poti basi ya fakitale sidikira misozi ya munthu. Tsopano anthu a pa mzere wa nyumba zawo ankamutama Kabwana kuti ndi kamdala, chonsecho anali atangoyamba kumene kuyenda.

Nthawi itakwana make anatuluka m'chipinda cha zidole muja, Kabwana sanalire. Anabwerera, mwanayo osatukula n'komwe mutu, anangopitiriza kukankha kagalimoto pa kapeti. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Mayiyo ananyadira mumtima, mpaka analakalaka apongozi akanaloledwa kuonera.

Katswiri anamuitanira yekha m'kachipinda ka kuseri kwa galasi.

"Wakhozatu eti, adokotala? Sanalire ngakhale pang'ono."

Katswiriyo anavula magalasi n'kudzitikita m'maso. Anati awa si mayeso okhoza kapena kulephera, ndipo kutuluka kwa mayi si kumene kumawauza zambiri.

"Timayang'ana pobwerera, mayi. Mwana akasowa mtendere, amathamangira kwa amene amamudalira."

Kenako anamuonetsa kanema amene anajambula. Chitseko chitangotsekeka kagalimoto kanaima. Kabwana anakhala duu, maso pa chitseko, osasamala za mlendo amene ankamugwedezera chidole. Chogwirira cha chitsekocho chitangotembenuka anawerama msanga n'kuyambanso kukankha kagalimoto, ngati munthu wotanganidwa.

"Amakufunani," anatero katswiriyo. "Wangophunzira kuti kukuonetsani sikumupindulira kanthu."

Anawonjezera kuti ana otere amawaona ambiri, kuti tsiku limodzi si chigamulo, kuti zimenezi zimasintha mayi akamamuyankha mwana, ndipo abwerenso adzakambirane. Make Kabwana anangomva theka. Kutopa kwa miyezi yonseyo kunamugwera nthawi imodzi, ndipo anachita manyazi kuti pa zonse zimene akanamuphunzitsa mwana wake anasankha chimenechi, n'kuchiphunzitsa bwino chonchi.

Analowa m'chipinda cha zidole n'kumunyamula. Kabwana anauma thupi, nkhope n'kuyang'ana kumbali. Koma pansi pa chikhato cha mayi ake kamtima kankagunda mothamanga, ngati mwana amene wakhala akulira nthawi yonseyi.

Apongozi anali pa benchi panja, chikwama pamiyendo. Anafunsa kuti adokotala ati bwanji. Akanatha kungonena kuti mwana sanalire, zoona zokhazokha, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Ati mwanayu amandifuna, amayi. Ndine amene ndinamuletsa kunena."

Apongozi anatambasula manja kuti amulandire mdzukulu wawo, poona kuti mayi ake akuchita kudzikoka ndi kutopa. Iye sanamupereke.