Foni ya Kuseri kwa Thanki

Mwana wanga wamkazi anandilanda khoma la pabalaza. Anayamba ndi kapepala kamodzi, anakamata pamwamba pa wailesi n'kulembapo kuti "foni". M'mawa mwake kanali kataswana. Posakhalitsa kalendala yanga inapita pansi pa bedi, chithunzi cha malemu bambo ake chinasamukira kuchipinda, khoma lonse linangoti mbuu ndi timapepala tolumikizidwa ndi ulusi wanga wosokera. Pa ulusi uliwonse ankapachikapo mawu: kuyenda "kumadula" njira, kufunafuna njira "kumadya" batire, zoterozo. Ankati amenewo ndi mapu a maganizo, amamuthandiza kuona kuti ichi chikugwirana bwanji ndi icho asanakhale pa kompyuta. Ine ndinkangoona fumbi loletsedwa kupukuta.

Zimene ankapanga kuyunivesiteko anandifotokozera tsiku lina ndikuviika mapazi m'beseni.

"Mama, nsanja ya netiweki ikagwa ndi mphepo, mafoni onse amasanduka miyala. Ine ndikufuna azilankhulana okhaokha. Uthenga uchoke pa foni yanu, udumphire pa ya aneba, kenako pa ya munthu wodutsa mumsewu, mpaka ukapeze mwini wake."

"Nanga wodutsayo akakhota?"

"Ndiye ntchito yangayo imeneyo. Njira ikaduka, pulogalamu imene ndikulemba imasaka ina."

Mchimwene wake anamva zimenezi n'kumutcha Injiniya, ndipo dzinalo linamukakamira.

Tsiku lina anabwera akunjenjemera ndi chimwemwe. Anati kukubwera alendo a bungwe lina kudzaona kafukufuku wa gulu lawo, ndipo amene amusirire amutenga akapitirize ntchitoyo kwawo. Ine ndimasita zovala pa hotela, tchuthi sichipezeka ngati masamba. Ndinamunyengerera mnzanga kuti tisinthane tsiku, ndinamusitira Injiniya suti yake mpaka mizere yake inkacheka ngati lumo, inenso ndinavala diresi la paukwati wa mlongo wanga.

M'holo yawo munali mafani, mipando yofewa ndi madzi a m'mabotolo. Kutsogolo anapachika chinsalu chachikulu, ndipo nditangochiona ndinachizindikira. Linali khoma langa lija. Ulusi wanga anausandutsa mivi yosindikiza bwino, koma chilichonse chinali pamalo pake, mpaka kabwalo ka batire kaja kamene kankakhala pafupi ndi switchi yathu. Pamwamba panali dzina la a Pulofesa, mkulu wa gululo, m'malemba onenepa. M'munsi mwake panali dzina la mwamuna wina. La mwana wanga ndinalipeza nditawerama, pansi penipeni, m'gulu la "othandizira".

Pafupi ndi chinsalucho panaima bambo wa tayi yofiira, akuyeserera kuloza ndi kandodo. Ndinamufunsa za mwana wanga.

"Aa, ndinu mayi ake? Takulandirani. Ali kuseri, cha pa thanki. Akugwira ntchito yofunika kwambiri."

Kuseriko kunali thanki ya madzi, mabini a zinyalala ndi dzuwa. Mwana wanga ankayenda kuchoka pa thanki kukafika pa ngodya ya nyumba n'kubwereranso, mkono m'mwamba, foni ili kumanja. Suti ija inali itanyowa m'khwapa.

"Iwe, ukutani kuno?"

"Mama, mwabwera? Kalowenitu mukapeze malo."

"Ndakufunsa."

"Ndine foni yapakati. Uthenga ukuchoka m'holomo kupita kwa anzathu ali kubwalo la mpira uko, ndiye uyenera kudutsa pa ine."

"Bwanji osaiika pa mpando foniyo?"

"Iyenera kumayenda, Mama. Alendo akufuna aone njira ikuduka n'kulumikizikanso."

"Ndiye m'yunivesite yonse ino wokhala ndi miyendo ndiwe wekha?"

Anayang'ana kumbali. "A Pulofesa ati ine ndi amene ndikuidziwa bwino pulogalamuyi. Ikavuta ndiikonza msanga. Komanso ati mnzanga uja amatha kulankhula pagulu."

"Wa tayiyo? Analembapo chiyani?"

"Anathandiza kusankha mitundu ya pa chinsalu."

Mutu wanga unatentha. Ine ndagonapo ndi nyali yoyaka pabalaza miyezi yosawerengeka, ndamwapo tiyi nditaimirira chifukwa tebulo lili ndi mawaya, kuti lero wosankha mitundu akhale pa fani, mwini ntchito akhale ndi ntchentche za m'bini?

"Ikavuta imatani?"

"Kadontho aka kobiriwira kamafiira."

"Ndiye iwe umatani?"

"Ndimabwerera ku thanki mpaka kabiriwirenso."

"Basi? Ukatswiri wakewo ndi umenewo? Bweretsa kuno."

"Mama, ayi, a Pulofesa akwiya."

"Anakubereka ndi a Pulofesa? Bweretsa, pukuta nkhope, kalowe."

Ndinachita kumutsomphola foniyo. Anaima pang'ono ngati nkhuku yonyowa, kenako anakonza kolala n'kupita.

Ndinayamba ulendo wanga. Thanki, ngodya. Ngodya, thanki. Ndikafika pa ngodya kadontho kaja kankafiira, ndikabwerera kankabiriwira. Pakati pa njirayo panali zenera la holo, ndipo ndikamadutsa ndinkasuzumira. Alendo anali atakhala kutsogolo, pakati pawo mayi wina wa imvi ndi magalasi, amene ena onse ankamuyang'ana asanagwedeze mutu. Wa tayi ankavina ndi kandodo kake. A Pulofesa anali atapinda miyendo. Mwana wanga ndinamuona ataima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, manja atagwira kutsogolo ngati wabwera pa maliro a eni.

Ndili mkati motukwana chamumtima, kunatulukira mlonda, chibonga chili m'khwapa.

"Mayi, mukujambula chiyani kuno?"

"Sindikujambula, achimwene. Ndikunyamula uthenga."

"Uthenga wa ndani?"

"Kaya. Ukungodutsa."

"Mukundiyesa mwana eti? Kuno n'koletsedwa. Tiyeni ku geti mukafotokoze bwino."

"Ndikachoka pano zonse za m'holomo zigwa. Mukawauza ndinu a Pulofesa anuwo?"

Anakanda chipewa. Ine sindinaime, ndiye kuti andifunse bwino anayamba kuyenda nane. Thanki, ngodya. Ngodya, thanki.

"Foniyo ndi yanu?"

"Ndi ya yunivesite."

"Ndiye mwaba katundu wa yunivesite?"

"Wakuba wake uti amene amaba n'kumazungulira pa bini atakweza mkono? Achimwene, dzuwali lakulowani m'mutu?"

"Pajatu panali mtsikana apa."

"Mtsikanayo ndi mwana wanga. Zonse akuonetsa mkatimo anapanga ndi iyeyo, pa khoma la nyumba yanga."

Mlonda anasuzumira pa zenera. "Uja waima ku chitsekoyo? Nanga bwanji sakulankhula?"

Funso lakelo linandibaya, chifukwa ndi lomwe linkandidya ine. Ndinaima pa zenerapo. Mayi wa imvi uja anali atakweza chala, akuloza muvi wina pa chinsalu. Wa tayi anaseka, anayang'ana a Pulofesa. A Pulofesa anaimirira n'kuyamba kuzungulitsa manja m'malere monga amachitira anthu oyankha zimene sanafunsidwe. Mwana wanga milomo inkagwedera. Yankho anali nalo, koma ankalinong'oneza chitseko.

Ndinagogoda galasi ndi foni yomweyo. Go go go!

Holo yonse inatembenuka.

"Iwe Injiniya! Pakamwa unasiya kunyumba? Lankhula!"

Mlonda anathawira kuseri kwa thanki. Wina mkatimo anatsegula zenera, mwina kuti andithamangitse, koma mayi wa imvi anayamba ndiye kufunsa.

"Amenewa ndi ndani?"

A Pulofesa anamwetulira mano okha. "Ndi mmodzi wa anthu ongodzipereka kutithandiza. Pepani, sanazolowere."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwazoloweretse, koma mawu anachokera ku chitseko.

"Ndi mayi anga." Anali mwana wanga, ndipo holo yonse inamumva. "Foni agwirayo ndimayenera kugwira ndine. Andilandira kuti ndilowe. Muvi mukufunsawo ndinajambula ine. Ukunena kuti foni imene batire yake yatsala pang'ono isamapatsidwe mauthenga a ena, chifukwa ikazima pakati pa njira uthenga umatayika. Pulogalamu imayamba yafunsa batire isanasankhe podutsa."

"Pulogalamuyo analemba ndani?" anafunsa mayi wa imvi.

Mwana wanga anawongola khosi.

"Ndinalemba ine."

"Tabwerani kutsogolo kuno," anatero mayi uja. Kenako anatembenukira kwa ine. "Amayi, pitirizani kuyenda, tione."

Ndinayenda. Mkono unafa dzanzi, ndinasinthira kumanzere, nakonso kunafa. Ndikadutsa pa zenera ndinkamuona mwana wanga ali ndi kandodo kaja, akuloza, akufunsidwa, akuyankha, mpaka anavula jekete n'kulikoleka pa mpando wa a Pulofesa osazindikira. Zimene ankanena sindinazimve. Ndinasinthanitsa tsiku langa la ntchito kuti ndidzamve mwana wanga akulankhula, ndipo ndinamva mapazi anga okha ndi mlonda amene anabwereranso kudzandiuza kuti iye anadziwa kale kuti mtsikanayo ndi wanzeru, amaonekera poyenda.

Patapita nthawi gulu lonse linatuluka kubwera kuseri kuja. A Pulofesa anafulumira kutsogola, anandifika pafupi n'kutsitsa mawu.

"Mayi, mwatichititsa manyazi pamaso pa alendo. Zinthu zili ndi dongosolo lake. Mwana wanuyu nthawi yake ikanafika."

"Ikanafika liti, bambo? Mabiniwa akadzaphuka maluwa?"

"Simukumvetsa mmene kafukufuku amayendera."

"Mmene amayendera ndiye ndamvetsa. Ndayenda naye kuyambira m'mawa."

Anatembenukira kwa mwana wanga. "Iwe, tikaonane ku ofesi mawa."

Ndinkadikira kuti agwetsa nkhope monga mwa masiku onse. Sanagwetse.

"Ndibwera, a Pulofesa. Tikakambiranenso za maina ali pa chinsalu paja."

Mayi wa imvi anali atafika, akudziteteza ku dzuwa ndi dzanja. Anayang'ana mabini, anayang'ana thanki, anayang'ana a Pulofesa nthawi yaitali. Kenako anauza mwana wanga kuti sabata yamawa apite ku ofesi kwawo ndi kompyuta yake, yekha, akaonetse akatswiri awo mmene pulogalamuyo inalembedwera.

"Koma tisanapite," anatero, "ndikufuna ndione kunja kuno ndi maso anga. Wina ayende mpaka njira iduke, inu muzitifotokozera zimene zikuchitika."

Onse anayang'ana ine. Anthu ophunzira, amuna a mapewa awo, kuyang'ana mayi wotupa mapazi kuti ayambirenso.

Mwana wanga anabwera, anandichotsa foni m'manja, n'kuipereka kwa wa tayi.

"Muyambire pa thanki," anamuuza. "Mkono m'mwamba. Kadontho kakafiira mubwerere."

Wa tayi anayang'ana a Pulofesa. A Pulofesa ankayang'ana nsapato zawo. Mlonda anandibweretsera mpando wake wa pa geti, ndinakhala pa mthunzi wa thanki.

"Kwezani mkonowo, bambo," ndinamuuza akudutsa. "Uthenga sudutsa m'chiuno."